Madzi a Kachiwala

Agogo ankaopa zambiri, koma mdani wawo wamkulu anali mpopi. Galu umamuona akubwera, galimoto umaimva kulira, ngakhale mbala imasiya mapazi. Nanga madzi? Amayenda mumdima, pansi pa nthaka, m'mapaipi amene palibe munthu analowamo n'kubwerako kudzafotokoza zimene waona. Adutsa pansi pa zimbudzi zingati? Agundana ndi makoswe akufa angati? Ndiye wina n'kungopotokola kachitsulo, kutchera kapu, n'kupatsa mwana. Ayi ndithu. Akuluakulu amwe ngati atopa nawo moyo, koma osati mdzukulu wawo.

Mdzukuluyo ankamutcha Kachiwala, chifukwa chiyambireni kuyenda sanapondepo pansi ngati anthu ena. Ankadumpha kuchoka pabedi kupita pamphasa, pamphasa kupita pamsana pa munthu, pakamwa pali laku laku, kufunsa dzina la chilichonse.

Ankakhala anthu anayi m'nyumba ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa mdadada wa nyumba zofanana, mpopi uli panja pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Bambo wa mwanayo, chitsirizira cha Agogo, ankakonza mabatire a galimoto m'kashedi ka malata kutsidya kwa msewu, ndipo aliyense ankangomuti Wamabatire. Mayi wake ankasoka mayunifolomu kufakitale, kuchoka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka. Choncho tsiku lonse mwana ankakhala m'manja mwa Agogo, ndipo m'manja mmenemo munali malamulo.

Osaima pansi pa waya wa magetsi. Osatola switi wagwa. Osayang'ana wowotcherera zitsulo ali pantchito, maso amapsa. Wamabatire mwiniwakeyo sankalowa m'nyumba ndi ovololo yake yobookabooka ndi asidi wa m'mabatire ija, poti Agogo ankati: "Madzi oboola nsalu, mwana angamusiye?" Ankavulira kushedi komweko, n'kudzasamba m'manja ndi sopo panja, Agogo ataima pakhomo ngati wapolisi, kuyendera zikhadabo chimodzichimodzi.

Koma lamulo loposa onse linali la ketulo. Inali ketulo yakale, yopindika mlomo, imene Agogo anatsala nayo pa katundu wa m'nyumba mwawo amuna awo atamwalira. Chisiyireni bere, madzi a Kachiwala ankachokera mmenemo, ndipo wina aliyense sankaloledwa kulawako ngakhale dontho. Mlendo akapempha madzi ankamutungira kumpopi. Madzulo aliwonse Agogo ankaidzaza, kuitereka pa mbaula, n'kukhala pambali kulondera. Ena madzi akangoti bwata bwata amaphula. Iwo ayi. Ankadikira mpaka madzi atsike kufika pakati, kuti tizilombo tife pamodzi ndi ana ake ndi mazira omwe. Akaphula ankafinyiramo ndimu, poti anamva kwa mayi wina pamzere wa kuchipatala kuti chimene chapulumuka moto sichipulumuka mandimu. Kenako kansalu pamlomo, mwala pachivundikiro, madzi agone mmenemo mpaka kuche.

Ketuloyo itabooka pansi, mwana atangosiya kuyamwa, mpongozi wawo anabwera ndi yatsopano yonyezimira. Agogo anainunkhiza n'kuibwezera m'katoni. "Anaipanga ndani? Mumamudziwa? Yangayi ndimaidziwa." Anapereka yakaleyo kwa mwana wawo kuti akaimate, ndipo anaimata bwino, moti sinadonthenso.

Ndiye taonani, ndi chisamaliro chonsecho, Kachiwala anasiya kudumpha.

Sizinabwere tsiku limodzi. Anayamba kukana chakudya. Kenako kugwira pamimba n'kudzipinda, kuchimbudzi osapita. M'manja munayera ngati munthu wagwira ufa. Ankalusa popanda chifukwa, kuluma, kuponya zinthu. Chimene chinawaopsa kwambiri Agogo chinali cha supuni. Mwana amene ankatchula mayina a magalimoto onse odutsa mumsewu anayang'ana supuni, n'kuwayang'ana iwo, mawu osabwera. "Gogo, ichi… ichi." Kuchipatala chaching'ono anayeza malungo, sanawapeze. Anapereka mankhwala a njoka za m'mimba ndi owonjezera magazi. Mwana anangopitirira kufota.

Agogo anayamba kusaka. Anataya zidole zonse zimene mwana anapatsidwa ndi anthu. Anamuletsa kusewera kwa mayi wa nyumba yachitatu, amene amphaka ake amakwera patebulo. Anawonjezera mandimu. Anawonjezera makala.

Lamlungu lina, akuchokera kogula makalawo, anaona pakati pa nsalu zoyanikidwa chinthu chimene chinawagwetsa thumba. Mpongozi anali atanjuta pampopi, dzanja atalipinda ngati chikho, Kachiwala akumwera m'dzanjamo.

"Amake mwana! Mukutani?"

"Amalira ludzu, amayi. Ketulo ili m'kati, ndiye ndimati…"

"Ndiye mumati mumalizitse? Mwachita kangati zimenezi?"

Mpongozi anayang'ana pansi. "Pena ndi pena. Inu mukachokapo."

"Pena ndi pena! Mwamva anthu inu? Ine kupsa ndi mbaula madzulo aliwonse, kumbuyo kwangaku wina akuthira za m'ngalande m'mimba mwa mwana. Nanga tikudabwa chiyani?"

"Mdadada wonsewu ukumwa madzi omwewa, amayi. Ana a eni ake akusewera."

"Akusewera lero. Mawa munaliona? Itanani mng'ono wanu uja wa timabotolo, abwere adzauyeze mpopi wanuwu inu mukuona. Mawu a akulu amakoma akagonera."

Mpongoziyo anali ndi mng'ono wake amene ankagwira ntchito kumalo oyezera madzi, ndipo Agogo anamupatsa dzina loti Namabotolo. Mwa abale onse a mpongozi, ndi yekhayo amene ankamuonamo nzeru. Munthu wovala magolovesi pogwira madzi ndiye kuti amadziwa kuti madzi ndi chilombo.

Anafika Loweruka m'mawa atanyamula kabokosi kozizira. Kachiwala anali mtulo kuchipinda. Namabotolo anakamusuzumira, kumutsegula chikhatho, kumuyang'ana nkhama, n'kubwerako wosaseka monga anabwerera. Anayala pepala loyera patebulo, n'kundandalika timabotolo tating'ono ngati chala, tonse tili ndi madzi ofiira.

"Magazi?" anafunsa Agogo, akubwerera m'mbuyo.

"Ayi, agogo. Golide."

Wamabatire, amene anali kumanga nsapato pakhomo, anadzutsa mutu. "Golide? Alamu, tsekani chitseko, lero umphawi watha."

"Mukasefa timabotolo tonseti, alamu, simupeza wokwanira kuveka mphete nyerere. Pitani kumabatire anu."

Anapita akuseka. Agogo sanaseke. "Ine sukulu sindinapite, koma golide ndinamuonapo m'makutu mwa anthu. Ndi wachikasu."

"Akakhala wamkulu, inde. Koma akakhala tizidutswa tating'onoting'ono, toti kambewu ka fumbi kwa ito ndi phiri, amaoneka wofiira chonchi. Tikamayandama tomwazikana, kalikonse pakokha, madzi amafiira. Ndiye tizidutswato tinatipaka mankhwala okonda mtovu. Mtovu ukangolowa, timathamangira kuugwira n'kuunjikana, ndipo mtundu umasintha. Kufiira kuja kumapita, kumabwera buluu."

"Ngati nyerere pa shuga."

"Ndi zomwezo."

"Nanga mtovuwo ndiye chiyani?"

"Chitsulo chofewa, cholemera, chotuwa. Achemwali atandifotokozera mmene mwanayu akudwalira, ndinaganiza za chimenecho. Chikalowa m'madzi sichioneka, sichinunkha, sichiwawa. Wamkulu chimamudya pang'onopang'ono, koma mwana chimamugwira magazi, mimba ndi mutu. Chimapezeka m'mabatire, m'penti yakale, m'mapaipi ena akale…"

"Mapaipi!" Agogo anawomba m'manja kamodzi n'kutembenukira kwa mpongozi. "Mwamva? Sindinanene ine. Wanena m'bale wanu."

"Ine ndimaganizira kwambiri ovololo ya alamu," anatero Namabotolo.

"Imeneyo muno siiponda. Yezani mpopi."

Namabotolo anavala magolovesi, anatunga madzi kumpopi, anayamba wawadonthezera mankhwala ena oyera, kenako anatapa pang'ono ndi kodonthezera n'kuthira m'kabotolo koyamba. Anakagwedeza n'kukaimika papepala. Agogo anawerama mpaka mphuno pafupi kugunda tebulo.

Kofiira.

"Dikirani," anatero Agogo. Anadikira. Ntchentche inatera papepala n'kuuluka. Kabotolo kanali kofiirabe.

Anayeza madzi a mumgolo wa pakhonde. Ofiira. A m'ndowa yotsukira mbale. Ofiira.

"Golide wanuyu ndi wogona," anatero Agogo. "Mwina anakugulitsani wakufa."

Namabotolo sanatsutse. Anatulutsa kabotolo kena kolembedwa ndi zilembo zofiira. "Awa ndi madzi amene tinathiramo mtovu dala, oonera ngati golide ali maso." Anadonthezera. Agogo anaona ndi maso awo kufiira kuja kukuzilala, kukuda ngati chilonda cha mkati, mpaka kabotolo konse kanasanduka kabuluu. Anagwira pakamwa.

"Mayo! Ndiye madzi amenewo mukayang'ana ndi oyera mbee."

"Oyera mbee."

"Tsoka silinunkha," anatero Agogo motsitsa mawu. Kenako anadzuka, kukonza mpango. "Mpopiwo wangochenjera lero. Mbala siiba tsiku lililonse. Mudzabwerenso pakati pa mlungu, mosauuza. Koma poti mwabwera, muone madzi enieni mmene amakhalira, mukawauze anzanu kuntchito."

Analowa kukhitchini, anachotsa mwala pachivundikiro, n'kubwera ndi ketulo ataigwira ndi manja awiri.

"Awa ndiye alandira mendulo," anatero Namabotolo. Anachita monga poyamba, mankhwala oyera aja, kodonthezera, kabotolo katsopano. Mpongozi anali atayamba kale kusonkhanitsa makapu kuti apange tiyi.

Dontho linagwa. Namabotolo asanagwedeze n'komwe, pamene linagwerapo panaoneka kamtambo kakuda. Kanatsika, kanatambalala. Kufiira kunathawira m'mbali, kenako kunatheratu. Kabotolo kanaima papepala loyera kali kabuluu, kakuda kuposa kaja ka madzi othiridwa mtovu dala.

Kunja wina ankamenya chitsulo, ngo, ngo, ngo.

"Mwasokoneza timabotolo," anatero Agogo. Mawu anatuluka aang'ono, ngati si awo. "Mwatenga kodonthezera komwe kaja."

"Ndatenga katsopano, agogo. Mwaona ndikung'amba pepala lake."

Anali ataona. Iwo sankaphonya kanthu.

Namabotolo ananunkhiza mlomo wa ketulo. "Muli mandimu?"

"Eya! Mandimu!" Agogo anawagwira mawuwo ngati munthu womira wagwira udzu. "Ndi mandimu amenewo. Golide wanu sawadziwa mandimu."

"N'zotheka. Zowawasa nthawi zina zimamunamiza. Mankhwala oyera aja ntchito yake n'kuletsa zimenezo, komabe tiyeni titsimikize. Tsukani ketuloyo, muthiremo madzi a kumpopi, opanda ndimu. Achemwali, inu thirani madzi omwewo m'poto. Tiwiritse zonse."

Agogo anatsuka okha. Anakoleza mbaula okha, machesi akuthyoka kangapo. Anakhala pambali monga mwa masiku onse, koma tsikulo sankalondera tizilombo. Ankayang'ana ketulo yawo, kupindika kwa mlomo wake, chogwirira chimene malemu anachikulunga ndi waya. Ankaidziwa. Akanatha kuizindikira ndi kukhudza kokha pakati pa maketulo a mumsika wonse. Anawiritsa mpaka madzi anatsika pakati, chifukwa njira ina yowiritsira madzi sankaidziwa.

Madzi atazizira, Namabotolo anaimika timabotolo tiwiri moyandikana. Ka poto kanakhala kofiira. Ka ketulo kanazengereza pang'ono, Agogo n'kuyamba kupuma, kenako kanayamba kuda. Sikanafike pa kaja ka mandimu, koma kofiira sikanalinso.

"Madzi amodzi, moto umodzi," anatero Namabotolo. "Chasiyana ndi chophikira. Agogo, ndione m'katimo."

Anakhuthula madzi, n'kupita nayo pakhomo pamene panali kuwala. Pansi pa ketulo, m'kati, panali chigamba chotuwa, chachikulu ngati chivundikiro cha botolo, chodyekadyeka m'mbali ngati sopo wakhalitsa m'madzi. Namabotolo anachikanda ndi nsonga ya mpeni. Chinali chofewa, ndipo pokandapo panawala.

"Anamata ndani apa?"

Mpongozi sanadikire yankho. Anatuluka osavala nsapato, kuwoloka msewu osayang'ana uku ndi uku, ndipo kwa nthawi yoyamba Agogo sanamukuwire kuti asamale magalimoto.

Wamabatire anafika ali m'ovololo. Anaima pakhomo mwachizolowezi, kudikira kukalipiridwa. Palibe anamukalipira.

"Iwe," anatero Agogo, "ketulo ija unamata ndi chiyani?"

"Ketulo? Kalekale lija? Ndi mtovu. Ndinasungunula wa m'batire lakufa. Umagwira bwino, amayi, mwaona nokha sinadonthenso." Anayang'ana nkhope zawo, kenako timabotolo. "Chachitika n'chiyani? Alamu?"

Namabotolo anamuonetsa kabuluu kaja. Anamuuza mwachidule.

"Koma ndi kachigamba chabe," anatero Wamabatire. "Ine mtovu ndimaugwira tsiku lililonse. Chowotcha ndi asidi, mtovu suluma. Ndinatsuka, ndinapala bwinobwino…" Anatsetsereka ndi chitseko mpaka kukhala pansi, miyendo tambalale ngati mwana.

Agogo anali chiimire. "Koma ndimawiritsa," anatero. "Mwana wanga, ndimawiritsa mpaka atsike pakati. Funsani aliyense mumdadada uno."

Namabotolo anavula magolovesi pang'onopang'ono. Zinkaoneka kuti akufunafuna njira yozungulira, koma sanaipeze. "Moto umapha tizilombo, agogo. Chitsulo sichifa. Madzi akamatsika, chimene chikuchoka ndi madzi okha, mtovu umatsala, ndiye umachuluka m'madzi otsalawo."

"Mandimu…"

"Mandimu amadya chigambacho n'kuchisungunulira m'madzi."

"Ndi kugoneka kuja?"

Namabotolo anangogwedeza mutu movomera.

Agogo anafufuza mpando ndi dzanja kumbuyo kwawo, sanaupeze, anatsamira khoma. Makala owonjezera aja. Mandimu owonjezera aja, mwana atayamba kudwala. Mwala pachivundikiro, kuti pasalowe kanthu koipa. Mlendo aliyense anamwa kumpopi n'kupita kwawo ali bwino. Mwana wawo, mpongozi wawo, iwo eni, onse kumpopi. M'nyumba yonseyo munthu mmodzi yekha ndiye ankamwa za mu ketulo, ndipo ankamupatsa okha, m'kapu yake ya maluwa, akumuuza kuti amalize.

"Ndinkamubera madzi," anatero mpongozi. Sankayang'ana aliyense. "Mwana wanga yemwe, ndinkachita kumubera madzi ngati mbala. Ndipo tsiku lija ndinapepesa. Ndinagwada, amayi, ndinapepesa."



Nsalu ya pakhomo la kuchipinda inagwedezeka. Kachiwala anatuluka akutikita m'maso, kapu yake ya maluwa ili m'manja. Anadutsa bambo ake pansi paja osadabwa, n'kulunjika pamene panali ketulo.

"Gogo, madzi anga."

"Usakhudze!"

Kukuwa kwa Agogo kunamveka mpaka kumpopi. Agogo anaikankha ketulo ndi phazi, inagubuduka mpaka pansi pa tebulo, chivundikiro chikuzungulira pasimenti. Mwana anaima, kapu inagwa. Agogo ake anali atamuletsa zinthu zambiri pamoyo wake, koma sanamukuwirepo chotero, ndipo ketulo sinali m'gulu la zoletsedwa. Analira kulira kopanda mphamvu, kwa mwana wotopa. Mayi ake anamunyamula.

"Kabotolo aka kamangoloza," anatero Namabotolo, akulongedza msangamsanga. "Madziwa ndipita nawo kuntchito, makina akanene kuchuluka kwake. Koma zimenezo zisatichedwetse. Mwanayu akufunika kuyezedwa magazi kuchipatala chachikulu, lero lomwe. Mukanene mawu oti mtovu, musangoti akudwala m'mimba. Alamu, dzukani, kavuleni ovololoyo."

Wamabatire anadzuka, anatola ketulo pansi pa tebulo. "Iyi ndikaiponya kudzala."

"Bweretsa kuno." Mawu a Agogo anali atabwerera, ngakhale anali osasa. "Kudzala kuti wina akaitole? Akaone ketulo yabwinobwino yosadontha, akaphikire ana ake? Iwe mutu wako umagwira?" Anailanda, anaikulunga m'nsalu, kumanga mfundo ziwiri. Kenako anamuyang'anitsitsa. "Wamata miphika ingati mumdadada uno?"

Wamabatire anayamba kuwerenga ndi zala, n'kusiya.

"Ukatiperekeza kubasi, ubwerere. Khomo ndi khomo. Ukaitenge yonse, ngakhale akutukwane."

M'basi Agogo anakhala ataifungata ketulo pamiyendo, mpongozi atafungata mwana. Pamalo ena basi inadumpha bampu, mutu wa mwana n'kugunda paphewa pa Agogo, ndipo iwo anauchirikiza ndi dzanja. Mpongozi anaona, sanalichotse dzanjalo.

Dokotala anali mayi wa imvi zapatalipatali, wosathamanga poyankhula. Agogo anamasula mfundo zija n'kuika ketulo patebulo pake, pamwamba pa mapepala.

"Ndi iyi," anatero. "Ndinkamupatsa ndine. Lembani choncho, asavutike ndi mafunso mayi wakeyu."

Dokotala anasuzumira m'katimo, anakhudza chigamba ndi cholembera. "Pano sitilemba olakwa, mayi. Timalemba kumene poizoni wachokera, ndipo ambiri amabwera osakudziwa, timachita kusaka miyezi mwana akumwabe. Inu mwabwera nako m'manja."

Anamutenga magazi mwanayo n'kumugoneka. Zotsatira zitabwera mawa lake, Wamabatire nayenso atafika, dokotala anawaitana onse atatu. Mtovu unalimo, wochuluka. Anati pali mankhwala amene amaugwira m'magazi n'kuutulutsa ndi mkodzo, ndipo ayamba tsiku lomwelo. Mimba idzaleka kupweteka, magazi adzabwerera, chakudya adzayamba kuchifuna.

"Nanga mawu?" anafunsa Agogo. "Anaiwala supuni."

Dokotala anatembenukira kwa iwo. "Zimenezo sindingakulonjezeni. Ena amabwerera pafupifupi mmene analili. Ena amatsala ndi kuchedwa pophunzira. Tidzamuona akamakula. Chimene mungachite n'kumuyankhulitsa. Muzimufunsa mayina a zinthu, muzimuuza, osatopa."

"Kuyankhula ndiye amatha," anatero Wamabatire, n'kudzidzimuka yekha kuti wanena. Mpongozi anatulutsa kaphokoso kamene sikanadziwike ngati n'kuseka kapena kulira.

Masana ake mpongozi anapita kukasamba, Wamabatire anabwerera kukamaliza za miphika ija, Agogo anatsala okha pambali pa bedi. M'chipindamo munali mabedi ambiri, ana akutsokomola, ndipo iwo anali ataona kale zoopsa zingapo: waya wa fani wosenda, zenera losatsekeka, mayi wina wopatsa khanda lake nthochi yosasenda bwino. Lilime linkawayabwa, koma ankati akafuna kutsegula pakamwa, ankaona kabotolo kabuluu papepala loyera.

Kachiwala anatsegula maso. Milomo inali youma.

"Gogo, madzi."

Pakona pa chipindacho panali sinki ndi mpopi. Agogo anauyang'ana nthawi yaitali. Anaimitsa namwino amene ankadutsa ndi thireyi.

"Mwana wanga, mpopi uwo. Anauyeza?"

"Amauyeza, agogo. Tonse timamwa womwewo."

"Ndi golide?"

Namwino anawayang'ana modabwa. "Golide?"

"Basi, pitani."

Anatenga kapu ya maluwa ija, anapita pasinki. Anaitsuka, anaitsukanso. Anapotokola kachitsulo, madzi anatuluka oyera mbee, monga amatulukira abwino ndi oipa omwe. Ena anatayikira pansi, ndipo anawapukuta ndi phazi kuti wina angaterereke. Anabwerera pabedi, anadzutsa mutu wa mwana, anayamba alawa okha, n'kumupatsa.

Kachiwala anamwa, anaima, anakwinya nkhope. "Mulibe ndimu."

"Mulibe. Imwa choncho."

Anamwa mpaka kapu inatha. Agogo anaiika pakabati, pambali pa mbale ya mwanayo, n'kutola chimene chinali m'mbalemo. Anachiimika pamaso pake.

"Ichi n'chiyani?"

Mwana anachiyang'ana. Milomo inagwedera, mawu sanabwere.

"Supuni," anatero Agogo. "Nena. Supuni."